Kudzimangira webusaiti pogwiritsa ntchito CMS: zimene wophunzira ayenera kudziwa

Pa 26 Okutobala 2009, kampani ya Yahoo inatseka GeoCities, malo a pa intaneti pamene anthu miyandamiyanda anamangapo masamba awo oyamba popanda kulipira. Amene sanakope zolemba ndi zithunzi zawo tsikulo lisanafike anadzapeza pakhomo potseka, ndipo zimene zinapulumuka ndi zokhazo zimene magulu a anthu ongodzipereka anathamangira kusunga. Mu Epulo 2019, kampani ya Google nayonso inatseka Google+, moti mabungwe amene anasonkhanitsa owatsatira kumeneko anayambiranso pachiyambi.

Nkhani ziwirizi zikukhudza mabungwe ambiri ang'onoang'ono a m'chigawo cha kum'mwera ndi pakati pa Africa, monga sukulu, mipingo, makopaletivi a alimi, malo ogona alendo ndi mawailesi a m'madera, amene adiresi yawo yonse ya pa intaneti ndi tsamba la Facebook kapena nambala ya WhatsApp. Kumeneko n'kulima m'munda wobwereka: mwini munda akasintha maganizo, wolimayo alibe kokadandaula. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasiya kugwira ntchito padziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Pa 12 Ogasiti chaka chomwecho, tsiku la chisankho ku Zambia, anthu analephera kulowa pa masamba a mchezo, ndipo zofananazo zinachitika ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha mu Okutobala 2024. Webusaiti si mankhwala a zonsezi. Boma likazimitsa intaneti yonse, monga zinachitikira ku Zimbabwe mu Januwale 2019, webusaiti nayo sioneka kwa anthu a m'dzikomo. Komabe imapatsa mwini wake chinthu chimene masamba a mchezo sapereka, chomwe ndi dzina lakelake pamodzi ndi ufulu wonyamula zolemba zake zonse n'kusamukira kwina.

Kuti munthu amange webusaiti masiku ano safunika kukhala katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi pulogalamu yotchedwa CMS, chomwe ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti content management system.

Mmene CMS imagwirira ntchito

Tim Berners-Lee, wasayansi wa ku Britain, anapereka ganizo la World Wide Web mu 1989 akugwira ntchito ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, ndipo pa 30 Epulo 1993 bungwelo linalengeza kuti aliyense angathe kugwiritsa ntchito luso limeneli popanda kulipira. M'zaka zoyambirirazo tsamba lililonse linali fayilo payokha, yolembedwa pamanja m'chinenero cha makina chotchedwa HTML. Bungwe lokhala ndi masamba 200 likasintha nambala ya telefoni yolembedwa m'munsi mwa tsamba lililonse, wina ankayenera kutsegula mafayilo onse 200, kukonza imodziimodzi, kenako n'kuwatumizanso ku seva. Mlembi wa muofesi sakanatha kuika chilengezo popanda kudikira katswiri, ndipo katswiriyo akachoka, webusaiti inkaima pomwepo.

CMS inathetsa vutoli polekanitsa zinthu zitatu zimene kale zinali pamodzi. Zolemba, mayina a olemba ndi masiku zimasungidwa m'nkhokwe yotchedwa database. Maonekedwe a tsamba, monga mitundu, kukula kwa zilembo ndi malo a chizindikiro cha bungwe, amakhala m'mafayilo otchedwa theme kapena template. Chachitatu ndi pulogalamu yeniyeniyo, imene imalumikiza ziwirizo. Mapulogalamu otchuka a mtunduwu analembedwa m'chinenero cha PHP, chimene Rasmus Lerdorf anatulutsa mu 1995, ndipo kawirikawiri nkhokwe yake imakhala MySQL kapena MariaDB.

Wowerenga akalemba adiresi mu browser, pempho lake limafika pa seva, imene ndi kompyuta yolumikizidwa ku intaneti usana ndi usiku. Pulogalamu ya CMS imawerenga adiresiyo, imafunsa database nkhani yofunidwayo, imaiveka maonekedwe ochokera mu theme, kenako imatumiza tsamba lathunthu la HTML kwa wowerengayo. Izi zikutanthauza kuti tsambalo silikhala lili chikhalire penapake ngati pepala m'kabati. Limaphikidwa pa nthawi imene wina walipempha, pokhapokha ngati seva yasunga kope lokonzeratu. Wophunzira amene wamvetsa mfundo imeneyi wamvetsa kale zinthu zambiri zimene zimasokoneza anzake: chifukwa chake kukopa mafayilo okha popanda database sikupulumutsa webusaiti, chifukwa chake webusaiti imachedwa anthu akachuluka, ndiponso chifukwa chake akuba amaifuna. Pulogalamu imene imamvera zopempha za mlendo aliyense ingathenso kunamizidwa.

Mapulogalamu atatu akuluakulu

Wamkulu pa atatuwa m'zaka ndi Drupal, imene Dries Buytaert wa ku Belgium anatulutsa pa 15 Januwale 2001, ataiyamba ali wophunzira pa yunivesite ya ku Antwerp. Dzinalo linabwera mwangozi. Iye ankafuna kulembetsa mawu a Chidatchi akuti dorp, otanthauza mudzi, koma analakwitsa n'kulemba drop. Pambuyo pake anatenga mawu a Chidatchi akuti druppel, otanthauza dontho.

WordPress inatuluka pa 27 Meyi 2003. Anaiyamba ndi Matt Mullenweg wa ku United States, amene panthawiyo anali ndi zaka 19, pamodzi ndi Mike Little wa ku Britain, popitiriza pulogalamu ya b2/cafelog imene mwini wake, Michel Valdrighi, anali atasiya kuikonza. Mu 2004 inayamba kulandira timapulogalamu towonjezera totchedwa plugin, ndipo mu 2005 inakhazikitsa dongosolo la ma theme. Zinthu ziwirizi n'zimene zinaikuza. Malinga ndi W3Techs, imene imawerengera maluso ogwiritsidwa ntchito pa intaneti, mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse amayendera WordPress.

Joomla inabadwa mu Ogasiti 2005 pamene akatswiri okonza pulogalamu ya Mambo anasemphana maganizo ndi kampani ya Miro International ya ku Australia pa nkhani ya amene ayenera kuyendetsa ntchitoyo. Anachoka n'kuyamba yawo, ndipo dzina analitenga ku mawu a Chiswahili akuti jumla, otanthauza zonse pamodzi.

Onse atatu amatetezedwa ndi chilolezo cha GNU General Public License, chimene Richard Stallman analemba koyamba mu 1989. Chilolezochi chimapatsa aliyense ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu, kuisintha ndi kugawira ena, malinga ngati wogawayo akupereka ufulu womwewo kwa olandira. N'chifukwa chake kunali kotheka kuti WordPress iphuke pa chitsa cha b2/cafelog, ndi Joomla pa chitsa cha Mambo. Ndipo pasakhale woganiza kuti zaulere n'zoseweretsa: webusaiti ya White House ku Washington inasamukira pa Drupal mu 2009, kenako pa WordPress mu 2017.

Chigawo chino chili ndi dzanja lake m'mbiri imeneyi. Kampani ya WooThemes inayambitsidwa mu 2008 ndi Adii Pienaar ndi Mark Forrester a ku South Africa pamodzi ndi Magnus Jepson wa ku Norway. Mu 2011 inatulutsa WooCommerce, plugin imene imasandutsa webusaiti ya WordPress kukhala sitolo, ndipo mu 2015 inagulidwa ndi Automattic, kampani ya Mullenweg.

Kwa munthu amene akuyamba kumene, kusankha sikovuta monga mmene mikangano ya akatswiri imaonetsera. Drupal ndi yamphamvu pa mawebusaiti akuluakulu a mayunivesite ndi maunduna, koma imafuna woisamalira wodziwa ntchito. Joomla ili pakati. WordPress ndiyo yosavuta kuyamba nayo, ndipo chofunika koposa n'chakuti mwini webusaiti akakakamira penapake, sizivuta kupeza munthu woidziwa ku Lilongwe, Lusaka, Harare kapena Maputo. Pulogalamu yabwino ndi imene wolowa m'malo mwanu adzathe kuiyendetsa inu mutachoka.

Pali msampha wa mayina umene wakola ambiri. WordPress.org ndi kumene kumapezeka pulogalamu yaulere imene munthu amaika pa seva yodzisankhira. WordPress.com ndi ntchito yamalonda ya Automattic, imene imasunga webusaiti pa maseva ake motsatira malamulo ndi mitengo yake. Makampani monga Wix ndi Squarespace amachitanso zofananazo, ndipo n'zosavutadi, koma webusaiti yomangidwa kumeneko singanyamulidwe yathunthu kupita kwa wina. Ngakhale WordPress.org si malo opanda mwini. Mu Seputembala 2024 Mullenweg anatsekereza kampani ya WP Engine kuti isatenge ma plugin ndi ma theme kumeneko. Kampaniyo inakasuma, ndipo mu Disembala chaka chomwecho khoti la ku California linalamula kuti itseguliridwe pamene mlandu ukupitirira. Eni mawebusaiti amene analibe mbali m'mkanganowo ndi amene anavutika poyamba.

Dzina ndi malo

Pulogalamu ndi yaulere, koma webusaiti si yaulere. Pamafunika zinthu ziwiri zolipira: dzina, limene limatchedwa domain, ndi malo pa seva, amene amatchedwa hosting.

Dzina siligulidwa kuti likhale la munthu mpaka kalekale. Limachitidwa lendi, kawirikawiri chaka ndi chaka, kudzera mwa makampani olembetsa mayina, pansi pa dongosolo limene bungwe la ICANN, lokhazikitsidwa mu 1998, limayang'anira. Dongosolo lotchedwa DNS limagwira ntchito ngati buku la manambala a telefoni: limasandutsa dzina kukhala nambala ya seva. Dziko lililonse lili ndi mathero ake, monga .mw ya Malawi, .zm ya Zambia, .mz ya Mozambique, .zw ya Zimbabwe ndi .za ya South Africa, ndipo kuyambira mu 2017 palinso .africa. Mathero a dziko amauza wowerenga kumene bungwe lili, pamene .com ndi .org zimathandiza amene akulankhula kwa anthu a maiko angapo.

Vuto lalikulu pa nkhani ya dzina si la makina ayi, koma la umwini. Zimachitika kawirikawiri kuti bungwe limalemba ganyu mnyamata wodziwa kompyuta, iye n'kulembetsa dzinalo m'dzina lake ndi imelo yake chifukwa choti ndiye ali ndi khadi la kubanki. Zaka ziwiri zikadutsa, mnyamatayo wapita ku Johannesburg kapena anayambana ndi komiti, dzina latha nthawi, ndipo adiresi yosindikizidwa pa makalata, pa galimoto ndi pa chikwangwani ikutsegula tsamba la juga. Dzina likagwa, wina aliyense angathe kulitola ikatha nthawi yachisomo, ndipo kuliwombola kumadula. Mwini webusaiti aonetsetse kuyambira tsiku loyamba kuti wolembetsa ndi bungwe lenilenilo.

Pa nkhani ya malo, webusaiti yaing'ono imakwana pa hosting yogawana, pamene seva imodzi imasunga mawebusaiti ambirimbiri. Makampani ochuluka amapereka batani loikira WordPress, Joomla kapena Drupal mwa kungodina kamodzi. Funso lofunika kulilingalira ndi lakuti owerenga ali kuti. Zingwe za pansi pa nyanja za SEACOM ndi EASSy, zimene zinayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi 2010, zinasintha liwiro la intaneti kugombe la kum'mawa kwa Africa, koma pamene zonse ziwiri zinaduka pa 12 Meyi 2024, intaneti inafooka kwa masiku angapo ku Tanzania, Mozambique, Malawi ndi maiko ena. Seva imene ili m'dziko momwemo kapena ku South Africa kawirikawiri imayankha msanga kwa owerenga a m'chigawochi. Ngati owerenga ambiri ndi alendo okaona malo kapena mabungwe othandiza a ku Ulaya, seva ya kumeneko ilibe vuto.

Palinso nkhani ya ndalama. Hosting yakunja imalipiridwa m'madola, ndipo kumene ndalama zakunja zikusowa, khadi limatha kukanidwa pa tsiku lenileni lolipira. Pamene kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse cholipiridwa m'madola unakwera usiku umodzi. Kampani ya m'dziko yolandira ndalama za m'dzikomo ingaoneke yodula pang'ono, koma imachotsa nkhawa imeneyi.

Kuphunzira popanda kuwononga ndalama

Njira yabwino yophunzirira ndi kumanga webusaiti yoyamba pa kompyuta yako, pamene palibe woiona. Pulogalamu yaulere ya XAMPP imaika pamodzi Apache, MariaDB ndi PHP, ndipo imasandutsa laputopu wamba kukhala seva ya munthu mmodzi. Ukangoikopa pamodzi ndi WordPress, zotsalazo zambiri sizifuna bandulo, ndipo magetsi akathima ntchito imapitirira mpaka batire litatha.

Ndondomeko yake ndi yaifupi. Mafayilo a WordPress amaikidwa mu foda yotchedwa htdocs. Kenako wophunzira amatsegula phpMyAdmin n'kupanga database yopanda kanthu. Akalemba localhost ndi dzina la fodayo mu browser, WordPress imafunsa dzina la database, dzina la woigwiritsa ntchito, mawu achinsinsi ndi adiresi ya seva, ndipo mayankhowo imawasunga mu fayilo yotchedwa wp-config.php. N'zoona kuti batani lodina kamodzi la makampani a hosting limachita zonsezi m'kanthawi kochepa, koma amene anazichitapo pamanja sadzidzimuka tsiku limene webusaiti idzangolemba kuti yalephera kulumikizana ndi database. Amadziwa fayilo yoyenera kutsegula.

Chinthu choyamba kuchimvetsa m'kati mwa WordPress ndi kusiyana kwa page ndi post. Page ndi tsamba lokhalitsa, monga mbiri ya bungwe, mitengo kapena adiresi. Post ndi nkhani yokhala ndi deti, imene imatsika m'munsi ina yatsopano ikabwera, ndipo ingathe kuikidwa m'magulu. Oyamba kumene amakonda kulemba chilichonse ngati page, ndipo pakatha chaka amapezeka ndi mulu wa masamba wosadziwika mutu wake. N'kwanzeru kutenga pepala ndi pensulo kompyuta isanayatsidwe, n'kulemba mafunso asanu amene mlendo amabwera nawo. Kholo lofuna malo a mwana pasukulu likufuna kudziwa fizi, tsiku lotsegulira, zofunika kubweretsa, njira yofikira pasukulupo ndi nambala yoimbira. Uthenga wa wapampando wa komiti, umene mabungwe ambiri amauika patsogolo ndi chithunzi chachikulu, ungathe kudikira.

Chachiwiri ndi maonekedwe a adiresi za masamba, zimene WordPress imazitcha permalinks. Adiresi yothera ndi ?p=123 siuza munthu kanthu; yokhala ndi mutu wa nkhani imakumbukika. Chisankhochi chichitike poyamba, chifukwa kusintha pambuyo pake kumadula njira zonse zimene anthu anatumizirana kale.

Chachitatu ndi maudindo. WordPress ili ndi maudindo asanu: Administrator amene angathe kusintha ndi kufufuta chilichonse, Editor amene amayang'anira zolemba zonse, Author amene amafalitsa zake zokha, Contributor amene amalemba koma sangafalitse, ndi Subscriber amene alibe mphamvu pa zolemba. Chizolowezi chopatsa ofesi yonse dzina limodzi la Administrator, mawu achinsinsi atamatidwa pakhoma, n'chimodzimodzi kusiya kiyi wa sefa pachitseko.

Pa ma theme ndi ma plugin, wophunzira adzigwire. Plugin iliyonse ndi pulogalamu yolembedwa ndi munthu wina, imene ingachedwetse webusaiti, kulimbana ndi inzake kapena kusiyidwa ndi mwini wake. Musanaike plugin, onani tsiku limene inakonzedwa komaliza ndi chiwerengero cha oigwiritsa ntchito. Ma theme olipira amene amagawidwa mwaulere pa masamba okayikitsa nthawi zambiri amabwera ndi khomo lobisika la akuba. Ofuna kusintha mafayilo a theme apange kaye child theme, apo ayi zosintha zawo zonse zidzafufutika theme ikadzalandira mtundu watsopano. Kuyambira pa WordPress 5.0, yotuluka mu Disembala 2018, tsamba limamangidwa ndi zidutswa zotchedwa blocks, moti mabuku ndi mavidiyo akale amaonetsa zinthu zimene wophunzira sazipeza pa kompyuta yake. Maphunziro aulere a makono ali pa Learn WordPress, ndipo ofuna kudziwa HTML ndi CSS, zomwe zimathandiza ngakhale pang'ono pokha, angayambire pa MDN Web Docs.

Phunziro lofunika limene silipezeka m'maphunziro ambiri ndi kuwononga dala. Ikani plugin yosagwirizana ndi ina, onani webusaiti itasanduka tsamba loyera, kenako sinthani dzina la foda ya plugin imeneyo kuti WordPress iizimitse yokha. Fufutani database, kenako muibwezeretse kuchokera pa kope. Zimenezi zichitike pa laputopu, osati pa webusaiti imene makasitomala akuyang'ana.

Posamutsa webusaiti kupita pa seva yeniyeni, pali zolakwa ziwiri zofala. Adiresi yakale ya localhost imatsalira mu database ndipo zithunzi sizioneka. Ma plugin osamutsira monga Duplicator amakonza zimenezi. Chinanso, pa Settings ndi Reading pali kabokosi kopempha makina ofufuzira monga Google kuti asaonetse webusaitiyo. Ambiri amakachonga pomanga, n'kuiwala kukachotsa, kenako n'kumadabwa kwa miyezi chifukwa chake palibe amene akuwapeza.

Wowerenga ali pa foni

Webusaiti imamangidwa pa kompyuta ya muofesi, koma m'chigawo chino ambiri amaiwerenga pa foni, ndi bandulo yogula ndi ndalama za ndiwo. Chithunzi chojambulidwa ndi foni yamakono chingathe kulemera ma megabyte 4. Zithunzi 10 zoterozo zikatumizidwa kwa wowerenga zosachepetsedwa ndi ma megabyte 40, ndipo iye sadzabweranso. Chithunzi chichepetsedwe chisanakwezedwe pa webusaiti. WordPress imalandira zithunzi za mtundu wa WebP, zopepuka kuposa JPEG, kuyambira mu 2021. Zilengezo zilembedwe ngati mawu enieni m'malo mojambula kalata n'kuiika ngati chithunzi, chifukwa makina ofufuzira savutika ndi mawu, ndipo mapulogalamu owerengera anthu osaona amatha kuwatchula. Ndipo musanalengeze webusaiti, itseguleni pa foni yotsika mtengo, pamalo pamene netiweki ndi yofooka.

Olemba m'Chichewa kapena Chinyanja ali ndi zawo zoti asamale. Chilembo cha ŵ chimaoneka bwino pokhapokha tsamba ndi database zikugwiritsa ntchito UTF-8. Zikasemphana, mawu akuti Malaŵi amasanduka MalaÅµi. Mitundu ina ya zilembo zokongoletsa ilibe chilembochi, choncho yesani kaye musanasankhe. Popanga adiresi kuchokera ku mutu wa nkhani, WordPress imachotsa kachizindikiro ka ng', moti ng'ombe imakhala ngombe. Izi zilibe vuto pa adiresi, bola mutu weniweniwo ulembedwe molondola. Chizindikiro cha chinenerochi pa makina ndi ny, ndipo tsamba lolembedwa m'Chichewa koma lodzitcha la Chingerezi limasokoneza browser ndi makina ofufuzira. Drupal ndi Joomla zimabwera kale ndi njira yoyendetsera zinenero zingapo, pamene WordPress imadalira ma plugin monga Polylang kapena WPML, chinthu choyenera kuchiganizira kwa bungwe la ku Tete kapena Niassa lofuna Chipwitikizi ndi Chinyanja pamodzi. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014, koma zotuluka mmenemo zimafunika munthu wodziwa chinenero aziwerenge zisanafalitsidwe, makamaka za umoyo ndi za malamulo.

Ntchito imene siitha

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kumanga webusaiti kungatenge sabata imodzi. Kuisamalira n'kwa nthawi yonse imene ilipo. Eni mawebusaiti ang'onoang'ono amakonda kunena kuti palibe angawafune, koma akuba sasankha ndi maso. Amatumiza mapulogalamu oyendayenda pa intaneti kufunafuna khomo lililonse losakhoma, kuti agwiritse ntchito sevayo kutumizira makalata achinyengo kapena kubisamo masamba onamizira mabanki.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Drupal. Pa 15 Okutobala 2014, gulu loona za chitetezo cha pulogalamuyi linalengeza za mpata woopsa mu Drupal 7 ndipo linatulutsa chokonzera chake. Patatha milungu iwiri gululo linachenjeza kuti webusaiti iliyonse imene sinakonzedwe pasanathe maola 7 chilengezo chitatuluka iyenera kuonedwa ngati yolowedwa kale. WordPress inayamba kudziikira yokha zokonza zing'onozing'ono mu 2013, ndipo mu 2020 inalola kuti ma plugin ndi ma theme nawonso azidzikonza okha mwini akavomereza. Mipata yambiri ya pa WordPress imapezeka m'ma plugin, osati mu pulogalamu yaikuluyo, choncho plugin yosagwiritsidwa ntchito ichotsedwe, osangoizimitsa. Mitundu yakale imafikanso pamapeto: Joomla 3 inasiya kulandira zokonza mu Ogasiti 2023, ndipo Drupal 7 pa 5 Januwale 2025. Mawebusaiti ambiri amene anamangidwa ndi thandizo la polojekiti ya zaka zitatu amagwera apa, chifukwa bajeti inali ndi ndalama zomangira ndi za phwando lotsegulira, koma inalibe zosamalira.

Dzina lolowera lisakhale admin, mawu achinsinsi akhale aatali ndi osagwiritsidwa ntchito kwina, ndipo kumene kuli kotheka pakhale chitsimikizo chachiwiri cha pa foni. Adiresi iyambe ndi https. Kale chiphaso chake chinali chogula, koma bungwe la Let's Encrypt linayamba kuchipereka mwaulere kwa aliyense kumapeto kwa 2015, ndipo kuyambira mu Julayi 2018 browser ya Chrome imalemba chenjezo pa masamba opanda chiphasochi.

Chitetezo chomaliza ndi kope losungidwa kwina, la mafayilo ndi database pamodzi. Pa 10 Malichi 2021 moto unawononga nyumba ya maseva ya kampani ya OVH ku Strasbourg, m'dziko la France, ndipo mawebusaiti mamiliyoni anazima. Ena mwa makasitomala anataya zonse chifukwa makope awo anali pamalo omwewo amene anapsa. Kope limene silinayesedwepo silingadaliridwe, ndipo apa m'pamene XAMPP ya pa laputopu ija imagwiranso ntchito: bwezeretsani kopelo mmenemo miyezi ingapo iliyonse kuti muone ngati likutseguka.

Webusaiti imene ili ndi fomu yofunsa dzina, nambala ya foni kapena chiphaso cha munthu imakhudzidwa ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu. Ku South Africa lamulo la POPIA linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021; Zambia ndi Zimbabwe zinakhazikitsa malamulo awo mu 2021, ndipo Malawi mu 2024. Mfundo yake ndi yofanana: funsani zokhazo zimene mukuzifuna, nenani zimene mudzachita nazo, ndipo muzisunge mosamala. Zithunzi zopezeka pa Google zili ndi eni ake, ndipo zithunzi za ana zimafuna chilolezo cha makolo.

Kaya webusaiti yamangidwa ndi mwini wake kapena ndi waganyu, bungwe lisunge makiyi atatu pamalo otetezeka, odziwika kwa anthu osachepera awiri: a kumene dzina linalembetsedwa, a hosting, ndi a Administrator. Tsiku lotha dzina lilembedwe pa kalendala ya ofesi, mwezi umodzi lisanafike. Imelo yolandirira zikumbutso isakhale ya pa dzina lomwelo la webusaiti, chifukwa dzinalo likagwa imeloyo imagwera limodzi, ndipo uthenga wothandiza kuliwombola umasowa kofikira.